Thumba la Mchenga pa Mpando wa Amayi

Abambo anga anthu amawatchula kuti a Kapu, ndipo musaganize za mowa, poti mowa sanaulawepo chibadwire. Dzinalo linabwera chifukwa cha kapu yachitsulo yoduka khutu imene akhala nayo kuyambira ine ndisanabadwe. Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu ku galaja ya mabasi, nthawi zonse ali chagada kunsi kwa basi, kumene kuli masipuling'i ndi mashoko. Mashoko ndi timipope tija tachitsulo timene timakhala pafupi ndi tayala lililonse, timene timagwira galimoto kuti ikamenya dzenje isapitirize kudumphadumpha. Anzawo akamanga mashoko atsopano ankangosuzumira ngati oyilo sakudontha, basi, n'kukasamba m'manja. Abambo ayi. Ankathira madzi m'kapu muja mpaka pa mzere umene anaukanda ndi msomali, n'kuiika pa mpando wa kumbuyo kwenikweni, n'kumuuza dalaivala kuti azungulire bwalo katatu. Madzi akatsika kupitirira chala chimodzi, basiyo inkabwerera mkati. Madalaivala ankawatukwana chamumtima, koma pa ulendo wautali aliyense ankalimbirana basi imene yadutsa m'manja mwa a Kapu.

Ine ndine mwana wawo wachiwiri, telala, ndipo pakamwa ndili napo, musavutike kundiuza. Shopu yanga ili kutsogolo kwa nyumba ya makolo anga, ndiye zonse zochitika kuseli ndimazimva ndili pa makina.

Chaka chimene anapuma pa ntchito, abambo anabwera ndi chinthu china pa lole. Kanali kagalimoto ka mipando iwiri, kopanda denga, ka mphuno yaitali, kakale kuposa ine, ka mtundu uja umene anthu ankapangira nawo mipikisano ya liwiro. Anakapeza kuseli kwa nyumba ya munthu wina, nkhuku zikuikiramo mazira. Anakamasula mpaka bawuti yomaliza, n'kuika zonse m'zitini zolembedwa, ndipo anatha zaka khumi ndi chimodzi akukamanganso mu shedi ya kuseli. Atakapaka penti yobiriwira, ngakhale ine amene ndinkakatcha chitsulo cha nkhuku ndinasiya lumo n'kupita kukakasisita.

Amayi anakwera kamodzi kokha. Iwo anali namwino, ndipo zaka makumi atatu zonyamula odwala zinawasiyira msana umene sufuna kugwedezedwa. Tsiku loyambalo galimoto inali ndi mashoko akale ouma gwa. Anangofika pa chitunda chochepetsa liwiro chili pa sukulu paja, amayi anatsika n'kubwerera wapansi atagwira m'chiuno, ndipo anagona masabata awiri. Ndi iwo amene anaipatsa dzina loti Chiwala. Analumbira kuti sadzakweranso, ndipo abambo chifukwa cha manyazi sanaitchulenso nkhaniyo kwa zaka ziwiri.

Kenako dokotala wa maso ananena zake. Maso a abambo anali akuchita chifunga pang'onopang'ono, ndipo laisensi yawo, imene inali kutha tsiku lomaliza la mwezi umenewo, sakanawalembera ina. Ine ndinkayembekezera kuti abwera atazyolika. Koma analowa pa geti akuyenda ngati mnyamata, n'kukaima pa khomo la khitchini chipewa chili m'manja.

"Mayi ake, ndatsala ndi masiku makumi awiri ndi anayi," anatero. "Ndikupempha ulendo umodzi wokha. Ndikufuna ndikunyamuleni ndekha mu Chiwala ndisanapereke makiyi."

Amayi anapitiriza kupukuta mbale, kenako anati, "Umodzi. Koma ikandimenya pa chitunda cha pa sukulu paja, nditsika, ndipo musadzandipemphenso."

Abambo anathamangira ku shedi. Ndikunena kuthamanga kwenikweni, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri.

M'mawa mwake anabwera ndi makatoni atatu kuchokera kwa mayi wina wogulitsa masipeya, amene ankawadziwa kalekale ndipo anawalola kuti ayese kaye asanasankhe. Anabweranso ndi a Liwiro, mnzawo wakale amene anachitapo mpikisano wa galimoto kamodzi ali mnyamata, ndipo sanasiye kuufotokoza mpaka lero. Anayala mashoko aja pa benchi, ndipo anandiitana kuti ndidzaone, ngati kuti ndilibe madiresi asanu ondidikira.

Ofiira anali a gasi, olimba moti a Liwiro anawatsamira ndi chifuwa chonse koma analowa pang'ono chabe. Akuda anali a oyilo, ofewa, a mtundu umene galimotoyo inatuluka nawo ku fakitale. Achikasu anali ndi kachitsulo kopotokola kunsi kwake, kamene kamalira kuti tiki, tiki, mpaka kakhumi ndi kawiri. Ukapotokolera kumanja amalimba, kumanzere amafewa.

"Ofiirawa basi," anatero a Liwiro. "Iyi ndi galimoto ya mpikisano, achimwene, si bedi la ku chipatala. Pa kona izigwira msewu."

"Sindikunyamula kona, ndikunyamula mkazi wanga," anayankha abambo. Achikasu aja anawayang'ana cham'mbali. "Awanso sindikuwakhulupirira. Chitsulo chimene sichikudziwa chokha kuti ndi cholimba kapena chofewa, ine ndichite nacho chiyani? Koma kapu iweruza."

Njira yoyesera inali imodzi: kutuluka pa geti, chitunda cha pa sukulu, malo okumbika a pafupi ndi njanji, kona ya pa thanki ya madzi, n'kubwerera. Ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu, m'misewu yopanda anthu ambiri, dzuwa lili pamutu kuti aziona bwino. Pa mpando wa wokwera anaikapo thumba la mchenga n'kulimanga lamba, poti ankati galimoto yopanda munthu imanama. Pamwamba pa thumbalo anakumbapo kadzenje ndi chibakera n'kukhazikapo kapu ija.

Kumanga ndi kumasula mashoko anayi kumatenga tsiku lathunthu kwa munthu wa msinkhu wawo, koma abambo ankaimba nyimbo kunsi kwa galimoto. Anayamba ndi ofiira kuti a Liwiro atseke pakamwa. Anabwerako kapu ili pansi pa mpando, yopanda ngakhale dontho. A Liwiro anati vuto ndi kapu, yakalamba. Achikasu, atawasiya pakati monga anabwerera m'katoni, anataya chala chimodzi. Tsiku limene anamanga akuda ndinamva hutala ikulira kuchokera ku njanji mpaka pa geti. Abambo anatsika atanyamula kapu ndi manja awiri, madzi ali pa mzere penipeni, ndipo anazungulira nayo bwalo lonse kuonetsa aliyense, mpaka galu. Anavina pang'ono. Ine ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndinasangalala nawo kuchokera pansi pa mtima.

Madzulo a tsiku lomwelo anakoka thumba lija mpaka pa khomo la shopu yanga. "Telala, tawasoka amayi akowa, akudontha pa ngodya."

Ndinaligudubuza kuti ndione pong'ambikapo, ndipo ndinaona nambala yolembedwa ndi penti yobiriwira: 49.

"Abambo, 49 imeneyi ndi chiyani?"

"Makilo a amayi ako. Ndinayeza mchengawo ndekha, sunapitirire ngakhale supuni."

"Munawayeza liti amayiwo?"

Nkhope yawo inawala. Anandiuza kuti sabata imene anakwatirana, amayi anawabweretsera chakudya ku galaja, ndipo mwa masewera anakwera pa sikelo yoyezera katundu wa m'mabasi. Muvi unaima pa 49. "Ine nambala sindiiwala," anatero akudzigunda pa chifuwa.

Madiresi a amayi ndimasoka ine. Ndafutukula m'chiuno mwawo kasanu chiyambireni ntchitoyi, ndipo tepi yanga imadziwa zimene abambo sankadziwa. Ndinayesa kuzungulira.

"Abambo, pajatu papita zaka makumi anayi."

"Ndiye? Sikelo ya ku galaja sinkanama."

Ndinaona kuti pakamwa pokha sindiwatha. Ine ndi amayi timasiyana pang'ono thupi, moti nthawi zina timabwerekana masiketi. Ndiye ndinati, "Mawa muchotse thumbalo, ndikwere ine, ndigwire kapu."

Anavomera mokondwa. Tinatuluka pa geti bwinobwino, mphepo ikundimenya kumaso, injini ikulira mokoma, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina ndikudandaula pachabe. Tinafika pa chitunda. Mbali yanga inamira, china chake chinagunda kunsi kuti gu, mano anga anawombana, ndipo galimoto inanyamuka n'kumiranso katatu isanakhazikike. Madzi onse anathera pa siketi yanga. Ululu unakwera kuchokera pa mpando mpaka m'khosi, ine wa msana wabwinobwino.

Abambo anaimitsa galimoto, anayang'ana kapu, anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Vuto ndiwe," anatero. "Wanenepa, mwana wanga. Amayi ako sali choncho."

Ndinapsa mtima kwabasi. Ndinatsika n'kumenyetsa chitseko chimene anachipenta kasanu, ndipo ndinabwerera wapansi siketi ikudontha, ngati mmene anachitira amayi zaka ziwiri m'mbuyomo. Ndinawapeza akusita, ndipo ndinakhuthula zonse: za thumba, za nambala, za sikelo ya ku galaja, za kunenepa kwanga. Ndinati asayerekeze kukwera, aphedwa ndi chikondi cha munthu wosamva.

Amayi anaimika simbi. "Wati makilo angati?"

"49."

Anayamba kuseka. Anaseka mpaka anagwira msana n'kukhala pa mpando, kenako kusekako kunasintha, ndipo anapukuta m'maso ndi malaya a abambo amene ankasitawo.

"Munthu ameneyu," anatero, "zaka zonsezi akandiyang'ana amaona ndani?"

"Ndi masowa, amayi."

"Usanamizire maso. Maso ayamba chaka chatha."

M'mawa mwake, abambo ndi a Liwiro ali mkati mokangana ngati ine ndinakhala mopendekeka, amayi analowa mu shedi atanyamula sikelo ya m'bafa. Chiyambire shediyo anali asanapondemo. Anaika sikeloyo pa simenti pakati pa masipanala, anavula nsapato, n'kukwerapo.

"Bambo ake, werengani."

Abambo anawerama, koma manambala anali aang'ono kwa maso awo. Anagwada, mphuno yawo itatsala pang'ono kukhudza zala za amayi. Anakhala pamenepo nthawi yaitali.

"84," anatero chapansipansi. "Sikeloyi ndi yowonongeka."

"Sikeloyo ili bwinobwino. Pamenepo pali ana anu atatu, pali odwala onse amene ndinawanyamula, pali zaka makumi anayi za kudya ndi inu mbale imodzi. Kamtsikana ka 49 kaja msana sukapweteka, musakavutikire. Amene mwamupempha ulendo ndine."

A Liwiro mwadzidzidzi anapeza china chake chofunika kuchiyang'ana pa denga. Ine mtima unandiwawa, chifukwa abambo anali chigwadire. Ndinaopa kuti tawaswa. Koma anagwira bondo n'kudzuka, anawayang'ana amayi bwinobwino, monga amayang'anira injini imene abwera nayo kumene, kenako anatembenukira kwa ine.

"Telala, thumba lina. La makilo 35. Ulisoke kawiri m'mbali." Anatenga fosholo. "Tatsala ndi masiku khumi ndi atatu, ndipo ndataya sabata yathunthu ndikuyesa munthu wolakwika."

Kuyambira pamenepo pa nyumba panali ngati pakukonzedwa ukwati. Ndi matumba awiri pa mpando, akuda aja anagwa mayeso tsiku lomwelo: anali ofewa kwambiri moti ankalephera kugwira sipuling'i, galimoto n'kumakagunda pansi. Ofiira sanawayang'anenso n'komwe, ngakhale a Liwiro anayesa kuwakankhira kutsogolo pa benchi. Anatsala achikasu, omwe aja osadziwa chimene akufuna.

Abambo anawamanga, ndipo anatenga kope la sukulu n'kujambulamo mizere. Ulendo uliwonse ankalowa kunsi, kupotokola, kuwerenga mokweza, kudzaza kapu, kutuluka pa geti, kubwerako, kuviika chala m'kapu, kulemba. Akapotokola kachitsulo kaja kanayi, galimoto inkamira pa chitunda. Pa kasanu ndi kanayi inkanjenjemera pa njanji mpaka madzi kuvina. Anapeza kuti kutsogolo kukufuna zina, kumbuyo zina, ndipo mbali ya amayi ikufuna kulimba pang'ono kuposa mbali yawo, poti iwo ndi munthu wowonda ngati sipoko. Ankadya ataima. Ankalowa mu shopu yanga manja ali girisi yekhayekha kudzandiuza kuti theka la chala, telala, theka lokha, ine n'kumakuwa kuti atalikire nsalu za eni ake. Tsiku lina ndinawamva akuuza a Liwiro kuti chitsulo chabwino ndi chimene chimamva ukachiuza, ndipo ndinawakumbutsa zimene ananena poyamba paja. Anati sakukumbuka, iwo amene saiwala nambala.

Ndinasoka kapilo kuti amayi atsamire. Abambo anakakana, amati pilo ndi chinyengo. Amayi anakatenga osawafunsa.

Atatsala ndi masiku anayi, Loweruka m'mawa, kapu inabwerako yodzaza maulendo atatu otsatizana. Abambo anatsitsa matumba aja, anapukuta mpando ndi mpango wawo wa m'thumba, n'kukagogoda pa chitseko cha nyumba yawo yomwe. Amayi anatuluka atavala diresi yabuluu imene ndinawasokera chaka chimenecho, duku atamanga zolimba. Anakhala pansi pang'onopang'ono, anaika pilo, n'kutambasula dzanja.

"Bweretsani kapuyo. Ndigwira ndekha."

Ine ndi a Liwiro tinadutsa njira yachidule n'kukaima pa chitunda cha pa sukulu, kuti amayi akatsika ndiwagwire dzanja pobwerera. Tinamva injini, kenako mphuno yobiriwira ija inatulukira. Abambo anachepetsa liwiro, atagwira chiwongolero ndi manja awiri, khosi atalitambasula. Matayala akutsogolo anakwera, anatsika. Akumbuyo anakwera, anatsika. Galimoto inamira kamodzi, mofatsa, n'kudzuka, n'kukhazikika. Sipanamveke kugunda kulikonse.

Ndinayang'ana chitseko cha amayi. Sichinatseguke. Iwo sanatiyang'ane n'komwe, maso anali pa kapu, ndipo Chiwala inapitirira kulowera ku njanji. A Liwiro anaponya chipewa m'mwamba, ine ndinalumpha n'kuwakumbatira, munthu amene ndakhala ndikukangana naye moyo wanga wonse.

Tinabwerera kunyumba kukawadikira mphindi khumi ndi zisanu zija. Linatha ola. Anatha awiri. Chisangalalo chinasanduka mantha, mantha anasanduka ukali. Foni zawo zonse ziwiri zinali pa tebulo la m'khitchini. Ndinasoka mkono wa diresi ya kasitomala chadodolido n'kuuphwasula kawiri. Ndinali nditakonza kale mawu oti ndiwauze, munthu wosaona bwino ndi munthu wa msana kumangoyendayenda ngati ana.

Anabwera patatha maola atatu, hutala ikulira. Duku la amayi kunalibe, tsitsi lawo la imvi linali litaima mbali zonse, ndipo masaya anali akuwala. Ndinathamangira mbali yawo mawu anga onse ataiwalika.

"Msana?"

"Uli pomwe ndinausiya."

Ndinasuzumira m'kapu. Munalibe kanthu, mouma. Ndinayang'ana abambo.

"Anamwa," anatero abambo, akuyesa kukwiya koma pakamwa pakukana. "Titangodutsa pa njanji, madzi ali pa mzere, anamwa muyeso wanga wonse. Kenako akuti tiyeni tione kumene msewuwu ukuthera."

"Ndinali ndi ludzu," anatero amayi. Anatsika okha, osagwira dzanja la munthu. Ali pa khomo anatembenuka. "Bambo ake, pa kona ya pa thanki paja imagonera mbali yanga. Muwonjezere kamodzi kumbuyoko."

Abambo analowa kunsi kwa galimoto ndi malaya awo oyera omwewo.

Masiku atatu otsalawo anapita tsiku lililonse, amayi akuwauza za zitunda ndi maenje zisanafike. Tsiku lomaliza la mwezi abambo anaika laisensi yawo mu dirowa, anabwera mu shopu, n'kuika makiyi pa makina anga. Ndinalira, sindibisa, ndipo iwo anandiuza kuti ndisanyowetse nsalu za eni ake.

Panopa papita chaka ndi theka, ndipo Loweruka lililonse ndimayendetsa ine. Mipando ndi iwiri basi. Ndikawafunsa kuti lero akwera ndani, abambo amati, "Tenga amayi ako, ine ndamva kale mmene imayendera." Koma sitituluka pa geti asanatulutse sikelo ya m'bafa ija. Amayi amadandaula, amavula nsapato, amakwerapo. Manambala abambo sawaonanso ngakhale atagwada, ndiye ndimawerenga ine. Anayesapo kundiuza kuti nanenso ndikwerepo, ndinawayankha zimene sindingalembe pano.

Loweruka lapitali ndinawerenga kuti 86.

"Mwawonjezeka, mayi ake," anatero abambo.

"Ndiye?"

"Ndiye dikirani pang'ono."

Anayala katoni pansi, anagona chagada, n'kulowetsa dzanja kuseli kwa tayala la mbali ya amayi, akufufuza ndi zala mpaka anakapeza kachitsulo kaja. Tonse tinakhala chete kuti amve bwino. Kanalira kuti tiki, kamodzi, ndipo anatulutsa dzanja n'kutiuza kuti tsopano tingapite.